Kusunga ndi Kuonetsa Zithunzi Zambiri pa Intaneti: Zoyenera Kudziwa

Msonkhano waukulu ukatha, kaya wa amai, wa acinyamata, wa makwaya kapena mwambo wodzoza abusa, pamatsala zithunzi mazanamazana m'mafoni ndi m'makamera a anthu osiyanasiyana. Aliyense amafuna kuona cake. Ambirife tinazolowera kuzithira pa gulu la WhatsApp, koma zithunzi zikaculuka zimadya data ya aliyense, zimadzaza mafoni, ndipo pakapita miyezi ingapo palibe wodziwa kumene zinalowera. Njira ina ndi kuika zithunzi zonse pamalo amodzi pa intaneti, kenako n'kupatsa anthu linki kuti atsegule ndi kuona okha. Nkhani ino ifotokoza mmene malo otere amagwirira nchito, mmene tingakonzere zithunzi tisanaziike, ndi zimene tiyenera kusamala. Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti kuonetsa zithunzi ndi kuzisunga ndi nchito ziwiri zosiyana, ndipo wopatsidwa udindo wa zithunzi ayenera kukonzekera zonse ziwiri.

Kodi cloud n'ciani?

Liu lakuti cloud ndi la Cingelezi, ndipo limatanthauza mtambo. Koma zithunzi sizipita m'mitambo. Zimapita m'makompyuta akuluakulu ochedwa maseva, amene amakhala m'nyumba za makampani monga Google, Microsoft, Apple ndi Amazon. M'nyumbazi magetsi sazima, muli makina oziziritsa ndi alonda, ndipo cinthu cimodzi amacisunga pa makina angapo kuti ena akaonongeka cisatayike. Kuno ku Africa, Microsoft inatsegula nyumba zotere ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Ngakhale n'tero, kampani ndiyo imasankha dziko limene cithunzi canu cikakhale. Popeza Zambia ilibe nyanja yaikulu, cithunzi cocokera ku Lundazi kapena ku Matero cimadutsa m'zingwe za m'maiko oyandikana nafe cisanafike kumene cikupita.

Zili ngati kusungitsa cimanga m'nkhokwe ya munthu wina. Nkhokweyo ndi yolimba kuposa yanu, anankafumbwe salowamo, koma malamulo ake amaika ndi mwini wake.

Kutumiza cithunzi kucoka pa foni kapena pa kompyuta kupita ku seva timati kukweza, pomwe kucitenga kumeneko n'kucibweretsa pa foni timati kucita daunilodi. Ubwino wa malowa ndi wakuti woona sacita kutenga zithunzi zonse. Amayamba waona tizithunzi ting'onoting'ono tosadya data yambiri, n'kutsegula cokhaco cimene wafuna.

Kukula kwa zithunzi ndi nthawi yokwezera

Kukula kwa cithunzi amakuyesa ndi ma megabyte, mwacidule MB. Ma MB pafupifupi 1,000 amapanga gigabyte imodzi, kapena kuti GB, muyeso womwe uja timagulira ma bundle. Cithunzi cojambulidwa ndi foni ya ma megapixel 12 kawirikawiri cimakhala ca 2 mpaka 5 MB. Makamera a akatswiri amatulutsa zazikulu kuposa apa, ndipo za mtundu wa RAW zimapitirira 20 MB cimodzi. Vidiyo ndiyo imadya malo koopsa: ya mphindi imodzi yokha ingafike pa 100 MB.

Tiyeni tiwerengere. Zithunzi 1,000 za 4 MB ciliconse ndi 4 GB. Wokweza ayenera kukhala ndi bundle yoposa pamenepo.

Liwiro la intaneti nalo amalichula mu ma megabit pa sekondi, olembedwa Mbps, ndipo ma megabit 8 ndiwo amapanga megabyte imodzi. Cina n'cakuti liwiro lokwezera nthawi zambiri limacepa poyerekeza ndi la daunilodi. Ngati netiweki ikukweza pa 2 Mbps, 4 GB idzatenga pafupifupi maola 4 ndi theka, ndiye kuti popanda kudukiza. Zithunzi zomwezo zikacepetsedwa kufika pafupifupi 0.6 MB ciliconse, zonse pamodzi zimakhala 600 MB, ndipo zimakwera m'mphindi 40. N'cifukwa cake kukonzekera kumapulumutsa ndalama ndi nthawi yomwe.

Malo odziwika ndi kukula kwa gawo laulere

Makampani ambiri amapereka malo ocepa kwaulere, ndipo ofuna oposerapo amalipira mwezi ndi mwezi kapena pa caka.

- Google imapereka mpaka 15 GB pa akaunti iliyonse. Malowa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos, ndipo kuyambira mu 2024 zimene WhatsApp imasungira kumeneko kucokera pa mafoni a Android zimawerengeredwa momwemo. Google Photos ndi yabwino poonetsa, ndipo alubamu imodzi ingatenge zithunzi ndi mavidiyo mpaka 20,000. Google Drive ndi yabwino posunga m'mafoda, osasintha kukula kwa zithunzi.
- OneDrive ya Microsoft imapereka 5 GB, ndipo imayenda bwino ndi makompyuta a Windows.
- iCloud ya Apple imapereka 5 GB, ndipo imathandiza kwambiri amene ali ndi iPhone.
- Dropbox imapereka 2 GB.
- Flickr imalola zithunzi 1,000 pa akaunti yaulere, ndipo imayenera zithunzi zimene mukufuna kuti dziko lonse lione.

Facebook ndi WhatsApp si malo osungira. Zonse ziwiri zimafinya zithunzi kuti ziyende msanga, motero cithunzi cimene cadutsamo sicituluka bwino pocisindikiza cacikulu. WhatsApp inaonjezera batani la HD mu 2023, koma kuti cithunzi cifike monga cinajambulidwira muyenera kucitumiza ngati document.

Kukonza zithunzi musanazikweze

1. Sonkhanitsani zithunzi zenizeni. Pemphani ojambula abweretse foni, memori kadi kapena fulashi, ndipo mukopere pa kompyuta imodzi. Musatenge zimene zadutsa kale pa gulu la WhatsApp.

2. Sankhani. Cotsani zosaoneka bwino, zofanana, zimene anthu atsinzina, ndi zimene zingacititse munthu manyazi. Ojambula amakonda kudina kasanu pa cinthu cimodzi. Zithunzi 250 zosankhidwa bwino zimafotokoza msonkhano kuposa 1,000 zongounjika, ndipo woona satopa nazo.

3. Ikani m'mafoda okhala ndi maina omveka. Yambani ndi caka, kenako mwezi, kenako dzina la cocitika, mwacitsanzo 2025-04 Cikondwerero ca Makwaya. Mukatero mafoda amadzindandalika okha motsatira nthawi. Maina monga "zithunzi zatsopano" sathandiza, pakuti caka camawa sizidzakhalanso zatsopano.

4. Pangani magulu awiri. Foda yoyamba ikhale ya zithunzi zoyambirira, zosakhudzidwa, ndipo imeneyi ndiyo yosunga. Yaciwiri ikhale ya makope ocepetsedwa, ndipo imeneyi ndiyo yoonetsa. Mbali yaitali ya cithunzi ikakhala ma pixel 2,048, cimaoneka bwino pa foni ndi pa kompyuta, ndipo cingasindikizidwe bwino mpaka masentimita 17. Ca pa kalendala kapena pa cikwangwani cicokere ku zoyambirira. Mapulogalamu monga IrfanView ndi XnConvert amacepetsa zithunzi mazana nthawi imodzi. Onetsetsani kuti pulogalamuyo ikuika makopewo mu foda ina, isalembe pamwamba pa zoyambirira. Google Photos nayo ili ndi njira yake yochedwa Storage saver, imene imatsitsa zithunzi zazikulu kufika ma megapixel 16 ndi mavidiyo kufika 1080p. Cithunzi cikacepetsedwa motere sicibwereranso mwakale.

5. Onani mtundu wa fayilo. JPEG imatseguka pa foni ndi kompyuta iliyonse. Mafoni a iPhone kuyambira mu 2017 amajambula mu HEIC, imene makompyuta ena akale satsegula, coco ndi bwino kusandutsa makope oonetsa kuti akhale JPEG. Za RAW zitsale kosungira.

6. Lembani mau ofotokoza. Pa alubamu iliyonse lembani tsiku, malo ndi cocitika. Maina a anthu a m'zithunzi zofunika alembedwe m'buku kapena mu fayilo yosungidwa pamodzi ndi zoyambirira. Lero aliyense akudziwa agogo aja ali kutsogolo, koma pakapita zaka 30 adzukulu adzafunsa, ndipo woyankha sadzapezeka.

Zithunzi zakale za pa pepala zingalowenso m'dongosolo lomweli. Makina a sikana akaikidwa pa 300 dpi amakwanira, ndipo pa tizithunzi ting'onoting'ono ndi bwino 600 dpi. Pepala lenilenilo musalitaye.

Pokweza

Ngati pali Wi-Fi ku ofesi, kusukulu kapena kwa mbale wina wololera, gwiritsani nchito imeneyo. Ngati mudalira data ya MTN, Airtel kapena Zamtel, funsani bundle yochipa pa GB iliyonse, ndipo yesani usiku kapena m'mamawa pamene anthu sanaculuke pa netiweki.

Chajani laputopu ndi foni musanayambe. Tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atacepa m'damu la Kariba, ndipo nchito ya maola 4 siyenera kuyambika batire lili pakati.

Kwezani m'magulu a zithunzi 100 kapena 200. Gulu limodzi likalephera, mubwereza lokhalo. Mapulogalamu oika pa kompyuta, monga Google Drive for desktop kapena OneDrive, amapitiriza okha pamene analekezera netiweki ikabwera, pomwe kukweza kudzera pa Chrome kapena Edge kumafuna kuti tsambalo likhale lotsegula mpaka mapeto. Musamange zithunzi zonse mu fayilo imodzi ya zip ngati colinga ndi cakuti anthu azione, pakuti adzafunika kucita daunilodi mtolo wonsewo kuti apeze cithunzi cimodzi.

Mukatsiriza, werengani. Ngati pa kompyuta zinali 250, pa intaneti zikhalenso 250. Kenako tsegulani linkiyo pa foni ya munthu wina, kuti muone cimene anthu adzaona musanailengeze.

Mwini akaunti akhale ndani?

Apa ndi pamene zithunzi zambiri zimatayikira. Wacinyamata wodziwa makompyuta amaika zonse pa akaunti yake mwaufulu ndi mtima wabwino. Kenako amapita kukoleji, amasamukira ku Copperbelt, foni imabedwa kapena amaiwala pasiwedi, ndipo mbiri ya zaka zisanu imapita naye.

Zithunzi za gulu zikhale pa akaunti ya gulu. Itsegulidwe m'dzina la mpingo kapena la cigwirizano, ndipo pasiwedi aidziwe anthu awiri kapena atatu osankhidwa ndi bungwe, monga mlembi, msungicuma ndi woyang'anira zithunzi. Cigamulo cimeneci cilembedwe m'maminitsi. Maudindo akasintha, pasiwedi isinthidwenso, monga momwe makiyi a ofesi amaperekedwera kwa wolowa m'malo.

Yatsani citetezo caciwiri, cimene cimafuna nambala yotumizidwa pa foni kuonjezera pa pasiwedi. Nambala ya foni imene mwalembetsa ikhale yogwira nchito, cifukwa SIM ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa nchito, kampani imapereka nambalayo kwa munthu wina. Google imaperekanso manambala 10 apadera olowera foni ikasowa. Asindikizeni ndi kuwasunga pamodzi ndi mapepala ofunika a mpingo.

Pali zinthu zina zitatu zoti mudziwe. Coyamba, kuyambira mu Disemba 2023 Google ili ndi lamulo lakuti ingafafanize akaunti ya munthu wamba imene yakhala zaka 2 osatsegulidwa, pamodzi ndi zonse za mkati mwake. Caciwiri, cithunzi cimene munthu wina waonjezera mu alubamu kapena mu foda yogawana cimakhalabe cake. Akacifafaniza kwake, cimasowanso kwa onse, coco zofunika zikoperedwe ku akaunti ya gulu. Cacitatu, mukagula malo oonjezera n'kuleka kulipira, simudzatha kukwezanso kanthu, Gmail ya akauntiyo idzaleka kulandira makalata, ndipo mukakhalitsa motero zinthu zingafafanizidwe. Ngati mwasankha kulipira, ndalamayo ilowe m'bajeti ya caka ndi caka, isacokere m'thumba la munthu mmodzi.

Ndani ayenera kuona?

Pogawana foda pa Google Drive mumasankha pakati pa Restricted, kutanthauza anthu okhawo amene mwalemba maimelo ao, ndi Anyone with the link, kutanthauza aliyense amene linkiyo yamufika. Njira yaciwiri ndiyo yosavuta, koma linki imayenda. Mmodzi akaitumiza ku gulu lina, simungadziwe kumene yafika. Mumasankhanso mphamvu ya wolandira. Viewer amangoona, pomwe Editor angathe kusuntha ndi kucotsa zinthu. Linki ya anthu onse ikhale ya Viewer nthawi zonse.

Cithunzi coonetsa nkhope ndi mbali ya mbiri ya munthu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, Nambala 3 la 2021. Lamuloli limafuna cilolezo ca kholo kapena womlera pa zokhudza mwana, ndipo lili ndi mfundo za kutumiza mbiri za anthu kunja kwa dziko. Ngakhale pakanapanda lamulo, ulemu wokha ukanatiuza zomwezi:

- Lengezani msonkhano usanayambe kuti padzakhala kujambula, ndipo wosafuna adziwitse ojambula.
- Zithunzi za ana a Sande sukulu zisaikidwe poyera makolo asanavomere, ndipo musalembe dzina la mwana, sukulu yake kapena kumene amakhala.
- Samalani ndi zithunzi za odwala, za pa maliro, ndi za amasiye kapena okalamba akulandira thandizo. Amene walandira thumba la ufa sanavomere kuti umphawi wake uonedwe ndi dziko lonse.
- Kumbukirani kuti pakati pathu pangakhale wothawa nkhanza za m'banja, amene safuna kuti adziwike kumene ali.
- Musasakanize m'alubamu zithunzi za NRC, za kaundula wa maina, za mabuku a zopereka kapena za manambala a foni. Akuba amagwiritsa nchito zinthu zotere, pamodzi ndi nkhope za atsogoleri, potsegula maakaunti abodza opemphera ndalama.
- Mafoni ambiri amalemba mkati mwa cithunzi malo enieni amene cinajambulidwira. Pa zojambulidwa kunyumba za anthu, zimitsani kuonetsa malo pogawana alubamu.
- Munthu akapempha kuti cithunzi cake cicotsedwe, cicotsedwe msanga popanda kumufunsa zifukwa.

Njira yabwino ndi kukhala ndi maalubamu awiri: yaing'ono ya zithunzi za gulu lonse imene aliyense angaone, ndi yaikulu ya anthu ololedwa okha.

Pa intaneti pokha sipakwanira

Mwini nkhokwe uja amasintha malamulo akafuna. Mu 2013 Flickr inapatsa aliyense malo aulere a terabyte imodzi, ndiye kuti pafupifupi 1,000 GB, koma mu 2019 inatsitsa malire kufika zithunzi 1,000. Google Photos inayamba mu 2015 ndi malo aulere opanda malire a zithunzi zocepetsedwa, koma zimenezi zinatha pa 1 Juni 2021. Mu 2019 Myspace inavomera kuti inataya nyimbo zambirimbiri zimene anthu anaika kwa zaka zoposa 10, pamene inali kusamutsa zinthu kupita ku maseva ena.

Ngozi ina ili m'manja mwathu. Foni ikalumikizidwa ndi Google Photos kapena iCloud, kufafaniza cithunzi mkati mwa pulogalamuyo kumacicotsanso pa intaneti. Wofuna kupeza malo pa foni agwiritse nchito batani la Free up space mu Google Photos, limene limacotsa pa foni pokha zimene zakwera kale. Cimene cafafanizidwa mwangozi pa Google Drive cimakhala m'bini masiku 30, kenako cimapitiratu.

Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akatswiri osunga zithunzi amatsata lamulo lochedwa 3-2-1: makope 3 a cithunzi ciliconse, pa zosungira za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kutali ndi enawo. Kwa ife zingakhale motere: kope loyamba pa kompyuta ya ku ofesi, laciwiri pa hard drive yosungidwa kunyumba kwa mlembi, lacitatu pa intaneti. Moto, akuba kapena mvula yolowa padenga sizingaononge onse atatu tsiku limodzi. Fulashi ndi memori kadi ndi zonyamulira cabe. Zimasowa msanga, ndipo pamsika pali zabodza zimene zimalembedwa kukula kumene zilibe.

Kamodzi pa caka, lumikizani hard drive ija n'kutsegula zithunzi zingapo kuti mutsimikize kuti zikali bwino. Wofuna kutenga zonse zimene zili pa akaunti ya Google angagwiritse nchito Google Takeout. Ndipo zithunzi 20 kapena 30 zopambana za caka ciliconse zisindikizidwe pa pepala. Alubamu ya pa pepala sifuna pasiwedi kapena netiweki, ndipo agogo opanda foni yamakono nawo adzaona.

Mavuto ofala ndi mayankho ake

*Linki ikupempha cilolezo.* Fodayo ikali pa Restricted. Sinthani, kapena lembani imelo ya munthuyo.

*Kukweza kwaima pakati.* Onani ngati bundle yatha kapena malo a pa akaunti adzaza. Mafoni ena amaimitsa kukweza batire likacepa, ena amayembekezera Wi-Fi.

*Zithunzi zasokonezeka ndondomeko.* Nthawi zambiri tsiku ndi ola za pa kamera imodzi zinali zolakwika. Ojambula onse akonze mawochi a makamera ao msonkhano usanayambe.

*Okalamba akulephera kutsegula.* Sandutsani linkiyo kukhala QR code n'kuimata pa bolodi la zilengezo, ndipo acinyamata awiri akhale pafupi kuthandiza mapemphero akatha.

Msonkhano wotsatira usanafike, bungwe ligwirizane zinthu zinai: wojambula, wosankha ndi kukweza, osunga pasiwedi, ndi kumene kope laciwiri lidzakhala. Zimenezi zikalembedwa m'maminitsi, zithunzi zidzafika kwa anthu m'sabata yomweyo, ndipo zidzapezekabe pamene ana a lero adzazifuna atakula.